Kodi chikapitolizimu chingakonzedwe, kapena n'chofunika kungochigwetsa?

Owerenga ena afunsa kuti: "Ena akuti chikapitolizimu cha dziko lonse chikungosowa malamulo abwino. Ena akuti malamulowo ndi zigamba chabe pa nsanza, chofunika n'kuukira, kuchigwetsa chonse n'kuyamba china. Kodi zoona zili mbali iti?"

Tiyambe tamvana za chinthu tikukambachi. Chikapitolizimu ndi dongosolo limene mafakitale, migodi, mabanki ndi minda ikuluikulu zimakhala za anthu kapena makampani, anthu ambiri amakhalira malipiro, ndipo wosankha komwe ndalama zikagwire ntchito amakhala mwini mpamba, potsata phindu. Msika pawokha si chikapitolizimu, misika inalipo kalekale. Mfundo yomalizayo, yoti mwini mpamba ali ndi ufulu woika ndalama zake kapena kuzichotsa, muigwiritse, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Kunena mwachidule, dongosololi limakonzeka, ndipo lakonzedwapo kwambiri kuposa momwe ofuna kuukira amavomerezera. Koma kukonza komwe kumakhalitsa ndi kokhako komwe kwasuntha mphamvu, osati komwe kwangogawa ndalama. Ndipo ouikira nawonso, akalanda boma, amakumana ndi msika wa dziko lonse womwewo umene unagonjetsa okonza. Mkangano umenewu si wa lero. Cha m'ma 1899 Eduard Bernstein ndi Rosa Luxemburg anakangana zomwezi m'chipani cha sosholizimu ku Germany, Bernstein ali kumbali ya kukonza, Luxemburg ali kumbali ya kuukira. Kusiyana kwake n'koti ife tili ndi zaka zoposa 120 za zochitika zoti tiyezere.

Taonani lamulo la mafakitale la ku Britain. Mu 1802 nyumba ya malamulo inaika kale malire pa ntchito ya ana ophunzira ntchito m'mafakitale a nsalu, koma panalibe wolipidwa kuti aziyendera, ndiye eni mafakitale anangopitiriza. Lamulo la 1833 linaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 9, linachepetsa maola a ana okulirapo, ndipo linaika oyendera mafakitale anayi okhala ndi mphamvu yolowa m'fakitale ndi kuzenga mlandu. Anayi okha dziko lonse, komabe kusintha kunayambira pamenepo. Mu 1847 kunabwera malire a maola 10 kwa amayi ndi achinyamata, ndipo mu 1919 pangano loyamba la ILO, bungwe la maiko loona za ntchito, linali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale. Eni mafakitale ankati malamulowa apha malonda. Malonda sanafe.

Musaganize kuti izi zinachokera ku chifundo. Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, anayambitsa inshulansi ya odwala mu 1883, ya ngozi za pantchito mu 1884 ndi penshoni mu 1889, pa nthawi yomweyo anali ataletsa zochita za chipani cha sosholizimu. Ankafuna kuwalanda otsatira. Ku Taiwan boma linatsitsa lendi ya minda kufika pa 37.5 peresenti ya zokolola mu 1949, kenaka mu 1953 linakakamiza eni minda ikuluikulu kugulitsa malo kuti apite kwa olima. Japan ndi South Korea anachitanso zofanana. Onsewa ankaopa kuukira kwa achikomyunizimu monga komwe kunkachitika ku China. Apa ofuna kuukira ali ndi mfundo yomwe okonza sakonda kuimva: kukonza kwakukulu kunachitika olemera ali ndi mantha otaya zonse.

Nyengo imene chikapitolizimu chinaikiridwa malire kwambiri ndi ya pakati pa 1945 ndi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ku America msonkho wa pa ndalama za olemera kwambiri unafika 91 peresenti m'zaka za m'ma 1950. Lamulo la Glass-Steagall la 1933 linalekanitsa mabanki osunga ndalama za anthu ndi mabanki ochita malonda a masheya. Britain inatsegula chipatala chaulere cha onse, NHS, mu 1948. Koma chomwe chinagwiriziza zonsezi anthu amachiiwala: ndalama sizinkaloledwa kuoloka malire mwachisawawa. Pangano la ku Bretton Woods la 1944, lomwe linabala IMF ndi World Bank, linalola boma lililonse kuletsa kutulutsa mpamba m'dziko. Wolemera wokwiya ndi msonkho analibe kothawira kophweka.

Zimenezi zinamasuka pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1971 pulezidenti wa America, Richard Nixon, anasiya kusinthitsa dola ndi golide. Britain inachotsa malamulo ake oletsa kutulutsa ndalama mu 1979, maiko ena n'kutsatira. Pofika 1988 msonkho uja wa ku America unali pa 28 peresenti, ndipo mu 1999 khoma la Glass-Steagall linagumulidwa. Msonkho wa makampani, tikatenga pakatikati pa maiko onse, unali pafupifupi 40 peresenti mu 1980, lero uli pansi pa 25. Palibe boma lomwe linakakamizidwa ndi mfuti. Lililonse linkatsitsa poopa kuti mnzake alilanda makampani.

Mmene zimayendera zinaoneka bwino ku France. François Mitterrand anapambana chisankho mu 1981 n'kuchita zomwe analonjeza: anakweza malipiro otsikitsitsa, anaika sabata ya maola 39 ndi tchuthi cholipidwa cha masabata asanu, anatsitsa zaka zopumira ntchito kufika 60, anaika msonkho wa pa chuma, ndipo boma linatenga makampani akuluakulu asanu ndi mabanki oposa 30. Anthu atapeza ndalama anayamba kugula, koma zambiri zogulazo zinali zochokera kunja, makamaka ku Germany, pomwe maiko enawo anali akumanga lamba ndipo sankagula zambiri za ku France. Ndalama zakunja zinayamba kutuluka kuposa zolowa. Eni mpamba anatulutsanso zawo. Banki yaikulu inawononga nkhokwe zake poteteza ndalama ya franc, koma inalephera, ndipo franc inatsitsidwa mphamvu katatu, mu Okutobala 1981, Juni 1982 ndi Malichi 1983. Pa ulendo wachitatuwo boma linatembenuka n'kuyamba kudula ndalama zomwe limagwiritsa ntchito. Tchuthi ndi maola zinatsala, koma mabanki ndi makampani anayamba kugulitsidwanso kuchokera mu 1986. Limeneli linali dziko lolemera, la mafakitale akeake, ndipo linapirira zaka ziwiri zokha.

Sweden inayesa kukhudza umwini weniweniwo mwamtendere. Ndondomeko ya katswiri wa zachuma Rudolf Meidner, yomwe bungwe lalikulu la apantchito linavomereza mu 1976, inati chaka chilichonse kampani yaikulu izipereka masheya atsopano ofanana ndi 20 peresenti ya phindu lake ku thumba la apantchito. Palibe amene akanalandidwa kanthu, koma pakapita zaka makumi angapo apantchito akanakhala eni ake a makampani opindula kwambiri. Eni makampani anazindikira msanga. Pa 4 Okutobala 1983 anthu zikwi makumi ambiri anaguba mu Stockholm kutsutsa, lamulo lomwe linadutsa linali lofooketsedwa, lokhala ndi malire pa masheya omwe thumba lingagule m'kampani imodzi, ndipo boma lotsatira linalithetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku Chile zinathera m'magazi: pulezidenti Salvador Allende analanda migodi ya kopa mu 1971 nyumba ya malamulo yonse itavomereza, ndipo pa 11 Sepitembala 1973 asilikali anamuchotsa. Ku Greece mu Julayi 2015 anthu 61 pa 100 aliwonse anakana zofuna za obwereketsa pa riferendamu, mabanki ali otseka ndipo munthu akuloledwa kutapa ma euro 60 okha pa tsiku. Patangotha sabata boma linasaina pangano la mtundu womwewo umene anthu anakana.

Wina akaona zimenezi anganene kuti basi, Luxemburg ankanena zoona. Koma tiyeze mbali inayo ndi muyeso womwewo. Kuukira kumene kunapambana kunachitika m'maiko a alimi omwe boma lawo linali litasweka ndi nkhondo, Russia mu 1917 ndi China mu 1949, osati m'maiko a mafakitale monga Karl Marx, tate wa chikomyunizimu, ankayembekezera. Zabwino zinalipo: anthu ochuluka anaphunzira kuwerenga, chipatala chinafika kumidzi, ndipo Cuba inadziwika ndi madokotala ake. Koma mavuto atatu ankabwerabwera. Loyamba, mukachotsa mitengo ya pamsika, ofesi imodzi iyenera kudziwa kuchuluka kwa misomali, nsapato ndi mankhwala zomwe zikufunika paliponse, ndipo oyang'anira mafakitale amanama kuti akwanitse chiwerengero chomwe apatsidwa. Lachiwiri, chipani chomwe chalanda boma ndi mfuti chimakhala bwana, wapolisi ndi woweruza nthawi imodzi, kotero wantchito alibe kokadandaula, ndipo sitiraka imasanduka kuukira boma. Njala ya 1932 mpaka 1933 ku Soviet Union inapha mamiliyoni, ya 1959 mpaka 1961 ku China inapha oposa 15 miliyoni ngakhale pa chiwerengero chotsikitsitsa, ndipo panalibe nyuzipepala kapena chipani chotsutsa choti chikuwe msanga.

Lachitatu ndi lomwe likukhudza funso lanu mwachindunji. Dziko loukira limafunabe makina, mafuta ndi mankhwala ochokera kunja, ndipo zimenezo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Lenin yemwe, mtsogoleri wa kuukira kwa ku Russia, anabwezeretsa malonda ang'onoang'ono mu 1921. Poland inakongola kumabanki a kumadzulo m'zaka za m'ma 1970 n'kulephera kubweza pofika 1981. Romania inabweza zake zonse pofika 1989 pomana anthu chakudya ndi magetsi, ndipo chaka chomwecho boma linagwa. China inatsegula misika kuyambira 1978 n'kulowa m'bungwe la WTO loyendetsa malonda a pakati pa maiko mu 2001, ndipo Vietnam inatsegula misika yake mu 1986. Anthu pafupifupi 800 miliyoni omwe anatuluka mu umphawi wadzaoneni ku China anatuluka pansi pa msika womwe boma laugwira pakhosi, mabanki akuluakulu ali a boma ndipo ndalama zisakutuluka mwaufulu. Chitsanzochi sichikomera mbali iliyonse ya mkanganowu, n'chifukwa chake mbali zonse zimachitchula mwatheka.

Tsono vuto lenileni la chikapitolizimu cha dziko lonse ndi lakuti mpamba umayenda dziko lonse pomwe wokhometsa msonkho, woyendera fakitale ndi woweruza amathera pamalire. Funso lothandiza n'loti: kodi zinathekapo kumanga lamulo logwira ntchito kupyola malire? Zinathekapo, ndipo zomwe zinatheka zimafanana.

Mu 2000 mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu pa chaka. Mu Febuluwale 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati igulitsa pa madola 350. Mu Epulo chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala anachotsa mlandu womwe anasumira boma la South Africa, atachita manyazi ndi zionetsero, ndipo mu Novembala msonkhano wa WTO ku Doha unavomereza kuti dziko lingalole kupanga mankhwala popanda chilolezo cha mwini patenti, yemwe lamulo limampatsa yekha ufulu wowapanga, pofuna kuteteza umoyo wa anthu. Panali wopanga wina wokonzeka, odwala ogwirizana, ndi mpata m'lamulo. Nyumba ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale osoka zovala, itagwa ku Bangladesh pa 24 Epulo 2013 n'kupha anthu oposa 1,100, makampani a zovala oposa 200 anasaina pangano ndi mabungwe a apantchito. Linasiyana ndi malonjezo akale m'zinthu zitatu: oyendera anali odziimira paokha, malipoti awo ankaikidwa poyera, ndipo kampani yophwanya panganolo ikanatha kuzengedwa mlandu. Fakitale yokana kukonza mawaya ndi makomo othawira moto inkataya ogula onse osaina nthawi imodzi. Pangano la ku Montreal la 1987 loteteza mpweya wa ozoni linagwiranso chifukwa linaletsa kugulitsana mankhwala owonongawo ndi maiko osasaina, ndipo linakhala ndi thumba lothandiza maiko osauka kusintha.

Msonkho ndi ngongole zafika theka. Kampani yaikulu imasamutsa phindu motere: nthambi yake ya m'dziko momwe muli mgodi imagulitsa mwala pa mtengo wotsika kwa nthambi inzake ya kudziko la msonkho wochepa, imalipiranso chiwongoladzanja pa ngongole yomwe yatenga kwa nthambi yomweyo, ndi ndalama zogwiritsira ntchito dzina la kampani. Pamapepala mgodi sukupindula. Mu Okutobala 2021 maiko 136 anagwirizana za msonkho wotsikitsitsa wa 15 peresenti kwa makampani opeza ma euro 750 miliyoni kapena kuposa pa chaka. Nzeru yake ndi yabwino: nthambi ikalipira 5 peresenti yokha kwina, dziko lina limatolera 10 yotsalayo, kotero kubisa phindu kumasiya kupindulitsa. Maiko a European Union anayamba mu 2024. Koma 15 ndi wochepa poyerekeza ndi misonkho ya maiko ambiri osauka, pali zochotsera zingapo, ndipo America sinaike lamuloli m'malamulo ake. N'chifukwa chake maiko a mu Africa anakankha kuti nkhani ya misonkho ipite ku United Nations, ndipo mu Novembala 2023 maiko 125 anavotera zimenezo, 48 anakana, ambiri mwa okanawo olemera.

Pa ngongole, kampani ikagwa pali khoti logawa zotsala kwa okongoza onse, koma dziko likalephera kubweza khoti lotere kulibe. IMF yomwe inapereka ganizo loti likhalepo mu 2001, ndipo linafa mu 2003 America itakana. Kukanako kumalemera chifukwa zosankha zikuluzikulu za IMF zimafuna mavoti 85 pa 100, pomwe America yokha ili ndi oposa 16. Zotsatira zake zinaoneka pamene kampani ina inagula ngongole yakale ya Zambia pa madola pafupifupi 3 miliyoni, n'kukasuma ku London kufuna 55 miliyoni, khoti n'kuipatsa pafupifupi 15 miliyoni mu 2007. Britain inatseka mpata umenewo ndi lamulo la 2010, koma la ngongole zakale zokha za maiko osaukitsitsa. Zambia italepheranso kubweza mu Novembala 2020, panapita zaka zoposa zitatu isanamalize kumvana ndi maboma okongoza komanso eni mabondi, mapepala a ngongole omwe boma limagulitsa pamsika. Pano pali khomo losavuta kuliona: mabondi ambiri a maiko amalembedwa pansi pa malamulo a New York kapena a England, kotero nyumba za malamulo ziwiri zokha zingasinthe zambiri popanda pangano la dziko lonse.

Kwa boma lofuna kukonza mozama, kutsatana kwa zochita n'kofunika kuposa kukongola kwa ndondomeko. Malamulo a katulutsidwe ka ndalama ayambe, asanalengezedwe misonkho yatsopano, chifukwa mukalengeza kaye ndalama zimatuluka m'masabata ochepa. Chile m'zaka za m'ma 1990 inkafuna kuti gawo la ndalama zolowa, lomwe linafika 30 peresenti, likhale kubanki yaikulu chaka chathunthu popanda chiwongoladzanja, zomwe zimapweteka wobwera miyezi itatu koma osati womanga fakitale. Malaysia mu Sepitembala 1998 inamanga ndalama yake ya ringgit pa 3.80 pa dola n'kuletsa kutulutsa ndalama za masheya kwa chaka. Iceland inachita zofanana mu 2008 n'kumasula mu 2017. Zimalakwika pamene mtengo wa boma wa ndalama zakunja watalikirana ndi wa pamsika: msika wamseri umakula, amalonda amanama pa mapepala a katundu, ndipo wopereka zilolezo amasanduka wolemera. Kenaka pamafunika akatswiri a misonkho otha kuwerenga mabuku a makampani akunja, ndi kuunikanso mapangano olola kampani kusumira boma kumakhoti apadera akunja. Uruguay inapambana mlandu wotere mu 2016 pa malamulo ake a fodya, koma patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo maiko ena anadikira kaye poopa.

Chinanso, thandizo lomwe onse amalandira limapirira kuposa la osauka okha, chifukwa olitchinjiriza amakhala ambiri. Margaret Thatcher, ali nduna yaikulu ya Britain, anagulitsa makampani a boma ambirimbiri koma NHS sanaigulitse. Mpando umapiriranso kuposa mphatso: ku Germany lamulo la 1976 limapatsa apantchito theka la mipando m'bodi yoyang'anira kampani ya antchito oposa 2,000, ngakhale voti yodula mkangano ili kwa wapampando wa mbali ya eni masheya, ndipo maboma a mbali zonse alisiya. Norway imatenga 78 peresenti ya phindu la mafuta n'kuika m'thumba la dziko lomwe linakhazikitsidwa mu 1990. Makampani sanathawe, chifukwa mafutawo sangasamutsidwe. Dziko la migodi lili ndi mphamvu yomweyo, ngati silikugwidwa ndi ngongole yomwe ikufunika mawa.

Pomwe mbali ya okonza ili yofooka kwenikweni ndi pa kusintha kwa nyengo, chifukwa pamenepa nthawi ili ndi malire. Pangano la ku Paris la 2015 limasiya dziko lililonse kudziikira mlingo, popanda chilango. Mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi unafika matani pafupifupi 37 biliyoni mu 2023, kuposa wa mu 2015. Msika wa ku Europe wa zilolezo zotulutsa mpweya umenewu unayamba mu 2005 maboma atagawa zilolezo zambiri zaulere, ndipo pofika 2007 mtengo wake unatsala pang'ono kufika pa ziro. Unadzagwira bwino patapita zaka zoposa khumi, atachepetsa zilolezozo. Chomwe chayenda mofulumira ndi mtengo wa magetsi a dzuwa, womwe unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo chinauyambitsa si msika wokha: Germany inalamula mu 2000 kuti magetsi otere azigulidwa pa mtengo wotsimikizika kwa zaka 20, China n'kuthira ngongole za boma m'mafakitale a mapanelo. Koma kutsika kwa mtengo sikutseka mgodi wa malasha womwe ukupindula, ndipo eni ake anawerengera kale phindu la zaka makumi akubwerawa m'mabuku awo ndi a mabanki omwe anawakongoza. Kuutseka ndi kulanda chuma, ngakhale kutachitika ndi lamulo. Germany inasankha kulipira: lamulo lake la 2020 linaika 2038 ngati chaka chomaliza cha malasha, ndipo makampani awiri a malasha a bulauni analonjezedwa ma euro oposa 4 biliyoni. Dziko losauka silingakwanitse zotere, ndipo ndalama zomwe maiko olemera analonjeza mu 2009, madola 100 biliyoni pa chaka pofika 2020, zinafika mochedwa ndi zaka ziwiri, gawo lalikulu lili ngongole.